Zitini za Yunike Zinakhala Chete

Pa sikimu ya mpunga ya Wovwe, Yunike Msukwa ankadziwika ndi makutu. Mpheta zikanyamuka kumabango iye ankazimva zisanaoneke, n'kukoka chingwe chomwe anamangirira zitini za timiyala, phokoso n'kubalalitsa gulu lonse. Anzake ankamuseka kuti amamva ngakhale nyerere ikatsokomola. Puloti yake ndiyo inkadyetsa ana asanu, ndipo lamulo la sikimu linali losapsatira: wolekerera munda amalandidwa.

Chaka cha 1976, mwamuna wake Manase anatayika pakamwa ali pamowa, n'kufunsa chifukwa chake khanda la kumsana lizigulirwa khadi lachipani. Pakamwa pa Manase panalibe chitseko. Patapita sabata, Landirova inafika pakhomo iye ali kokagula usipa ku Ngara. Anthu omwe anali m'galimotomo, omwe ankafuna Manase, anangoti, "Tibweranso."

Kuchokera tsiku limenelo Yunike anagwidwa ndi mantha. Mpunga unali utayamba kukhwima, ndipo m'mawa uliwonse ankakhala pamzere wa puloti monga kale, koma nkhope italoza kumsewu. Ankaganiza kuti akaimva galimoto ili patali, adzathamanga kukauza Manase kuti athawire kumapiri. Zitini zinkamusokoneza kumvetsera, choncho anasiya kukoka chingwe. Thirakitala ikalira, ankadzuka n'kusuzumira kumsewu. Mpheta nazo si zopusa: zinazindikira munda wachete.

Febby, mnansi wake, anamukuwira kangapo akuloza mbalamezo, "Mama, viyuni!" Yunike ankangokweza dzanja kuti akhale chete.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa lili paliwombo, Landirova inatulukiradi. Yunike anadzuka kuti athamange. Galimoto sinakhotere kumudzi, inaima pa ngalande pomwepo. Anatsika anali a Gray, mlangizi wa sikimu wochokera ku Thyolo, munthu wosadziwa n'komwe nkhani ya Manase.

A Gray anayenda m'munda, n'kuthyola ngala imodzi, n'kuifikisa m'manja. Munatsala mankhusu okhaokha.

"Mayi Msukwa, inu amene timakutamani? Puloti iyi ndiyenera kukaitchula ku komiti. Kodi mbalame zonsezi simunazione?"

Yunike anatembenuka n'kuyang'ana munda wake koyamba pa masiku onsewo. Ngala zinali chilili, zopepuka, zoyera mbuu.

"Mbalame ziti, bambo?" anafunsa motsitsa mawu, khutu limodzi likadali kumsewu.