Chisanu Chimene Rozita Anayamba Kugwa

Ndikakumbukira chaka chimenecho, zimayamba kundibwerera ndi zala za Rozita, mng'ono wanga, zitang'ambika ndi chisanu, zikutola kachewere m'mizere imene amayi ankakumba. Kwathu kumapiri a Tsangano, nyengo yozizira ikafika udzu wa m'dambo umadzuka utayera ngati wina wawazapo ufa, ndipo ukayankhula mawu amatuluka ndi utsi. Atsikana awirife tinkatsatira khasu la amayi pambuyo, aliyense ndi dengu lake, mapazi atachita dzanzi. Rozita sankadziwa kukhala chete. Akapeza kachewere wa mphuno yopindika ankamupatsa dzina la munthu wa m'mudzi, n'kumuyankhulitsa mpaka amayi kuseka atatsamira mpini. Dzuwa likakwera tinkasonkha moto wa masamba a bulugama, kukwirira kachewere m'phulusa, n'kumamudya akupsereza milomo, fungo la utsi litatikakamira m'tsitsi. M'mawa wina wotero, dengu lili m'manja, Rozita anangoti zii, maso atayang'ana kumwamba, kenako anagwa chagada pakati pa mizere, thupi lonse likugwedezeka, thovu likutuluka kukamwa. Ndinayesa akuseleula monga mwa masiku onse, mpaka ndinaona amayi ataponya khasu.

Pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa kuti kwathu kwalowa khunyu. Anthu ankakhulupirira kuti ukakhudza thovu la munthu wakugwa, kapena ukapuma mpweya umene watulutsa, matendawo amakulowa nawe. Sizinatenge nthawi. Anzathu amene tinkasewera nawo phada pansi pa mtengo wa mapichesi anayamba kutola miyala yawo tikamafika. Pa fulaye panasowa malo a ife. Kuchitsime amayi ena ankatsuka chingwe cha chidebe ife tikatunga, ndipo ankachita zimenezi tikuona, osadikira n'komwe kuti tipotoloke. Amenewa anali anthu omwewo amene pamaliro ankanena mokweza kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, amene ankadya nyemba za amayi pa zikumbutso, amene anamunyamula Rozita ali wakhanda pa tsiku la ubatizo wake.

Koma chimene chinandiwawa koposa sichinachokere kuchitsime. Abambo ndiwo ankayambitsa nyimbo mumpingo wathu, anali ndi mawu akulu omveka mpaka kumsewu, ndipo chaka chimenecho dzina lawo linkamveka kuti asankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Masana ena akulu a mpingo anabwera kwathu, wotsogolera ali a Fulansisko, munthu wofatsa pakamwa amene sankakweza mawu ngakhale pokupweteka. Anakhala pamipando pabwalo, anakana madzi akumwa, ndipo ine ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikupuntha nyemba, khutu lili kwa iwo. Anati mpingo uli nafe limodzi m'mapemphero, koma Akhristu ena ndi ofooka mtima, choncho ndi bwino mwanayo ayambe wapumula kunyumba kufikira Ambuye atamuchiritsa. Ndinaleka kupuntha, kudikira mawu akulu aja a abambo. Anayang'ana pansi, nakanda dothi ndi chala cha phazi, n'kunena kuti, “Tamva, akuluakulu.” Basi. Mwana wawo anathamangitsidwa m'nyumba ya Mulungu ndipo iwo anaperekeza alendowo mpaka kumsewu.

Amayi sanakangane ndi munthu. Lamulungu litafika anatenthetsa madzi, anamusambitsa Rozita, anamudzoza mafuta, anamuveka diresi lake la maluwa, ndipo tinauyamba ulendo wa kukachisi pambuyo pa abambo, amene anali atatsogola m'mamawa. Pakhomo panali a Fulansisko. Sanatikankhe, anangoima pakati pa chitseko, manja atawagwirizira kumbuyo, akumwetulira. Amayi anawapatsa moni mwaulemu, anazungulira kumbali, nayala thumba la feteleza pansi pa zenera, kunja, mbali ya mthunzi kumene dzuwa silinkafika mpaka masana. Tinakhala pamenepo. Ndipo tinakhala pamenepo nyengo yonse yozizira, mphepo ya m'mapiri ikutiboola m'nthiti, khoma likuzizira kumsana ngati mwala wa mumtsinje. Nyimbo ikayamba mkati, amayi ankayankhira kunja ndi mawu awo onse, Rozita akuwatsatira, mano akugwedera. Ine sindinkaimba. Ndinkamva mawu a abambo akutuluka pazenera pamwamba pa mitu yathu, okoma, osanjenjemera, akutamanda chikondi cha Mulungu, ndipo ndinkakukuta mano mpaka nsagwada kuwawa.

Tsiku lina pobwerera ndinalephera kuugwira mtima. Rozita anali patsogolo akuthamangitsa agulugufe, ndipo ndinawafunsa amayi kuti timadziyalutsiranji chonchi, popeza Mulungu amene akumuimbirayo ali mkati ndi anthu ofunda majekete, ife watisiya panja ngati agalu. Ndinkayembekeza khofi. Amayi anaima, anatula nsalu imene anafunda n'kuikonza, kenako anati, “Njerwa za khoma lija dothi lake ndinaponda ndine, uli kumsana iwe. Madzi ake ndinatunga ndine. Ndiye ukuganiza kuti Mulungu angatsekeredwe ndi matope amene ndinaponda ndi mapazi angawa?” Sindinakhutire. Kuyambira pamenepo ndinayamba kupemphera ndithu, koma mapemphero anga anali a moto. Potola nkhuni, popita kuchigayo, ndinkamuuza Mulungu kuti ngati alidi panja ndi ife aonetse: asasule denga la kachisi uja, awumitse pakhosi pa a Fulansisko, agwetse mwana wa mmodzi wa iwo pamaso pa onse kuti alawe. Denga silinasasuke. Rozita anagwanso kawirikawiri, pamphero, panjira, tsiku lina pafupi ndi moto moti anapsa chigongono.

Panali munthu winanso amene ndinkamutchula m'mapemphero amenewo. Kusikola kwathu boma linatumiza mphunzitsi wamkazi wochokera ku Beira, apurofesora Ameliya, wamtali, wa nsapato zogogoda ngakhale m'matope. Chichewa ankachidziwa pang'ono chabe, ndipo m'kalasi mwawo sankafuna kumva liwu lina kupatula Chipwitikizi. Ukangotulutsa liwu la kwanu, ankati tambasula dzanja, n'kukumenya ndi regwa, rula yolembera mizere, pazala zozizira kale. Ine wa pakamwa posachedwa ndinkamenyedwa kuposa onse. Ankapemphera mumpingo wathu chifukwa panalibe wina pafupi, ankakhala pabenchi ya kumapeto pafupi ndi chitseko, osayankhula ndi munthu, ndipo amayi a m'mudzi ankati ndi wonyada. Nanenso ndinkatero.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali la Mgonero wa Ambuye. Kunacha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza kosalekeza, kotero thumba lathu linanyowa tisanakhalepo n'komwe. Mkati munadzaza, fungo la zovala zonyowa ndi sopo likutuluka pazenera. Abambo anayambitsa nyimbo yokonzekera mkate ndi chikho, ndipo ili pakati Rozita anaimirira ngati waitanidwa, anauma, n'kugwa. Mutu wake unamenya pa mwala wa maziko. Magazi anasakanikirana ndi matope ndi thovu, miyendo ikupalasa, amayi akuyesa kumugwira mutu koma akuwapulumuka. Ndinathamangira pakhomo, ndinadutsa pansi pa mkono wa a Fulansisko, n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse pakati pa nyimbo, “Ababa! Rozita akufa!” Mitu yonse inatembenuka. Ndinaona amayi ena akukokera nsalu kumphuno, ena akukumbatira ana awo. Ndipo ndinaona abambo. Anandiyang'ana m'maso, ndikulumbira kuti anandiyang'ana, koma pakamwa pawo panapitiriza ndime imene anali atayamba.

Amene anadzuka anali apurofesora Ameliya. Anandikankhira pambali, anatuluka, nagwada m'matope ndi chovala chawo cha Lamulungu. Anamugoneka Rozita cham'mbali, anavula kapulana yawo, nsalu imene anafunda, n'kuipinda pansi pa mutu wake, napukuta thovu lija ndi dzanja lawo lenileni, lopanda kanthu, dzanja lomwelo la regwa. “Calma, mamã, calma,” ankatero kwa amayi, “musagwire mphamvu, zisiya zokha.” Anthu anali atadzaza pazenera, ena pakhomo, onse ataima patali. Apurofesora anatukula mutu, nawayang'ana, n'kuyankhula Chichewa chawo chothyokathyoka chimene tinkachiseka kuseri: “Mlongo wanga nayenso amagwa. Ine kudya naye mbale imodzi, kumwa naye kapu imodzi, kuyambira mwana. Ine sindinagwe. Inu mukuthawa chiyani?” Kugwedezeka kuja kunatha pang'onopang'ono, Rozita anapuma mozama, ndipo nyimbo mkati inali itafa yokha chifukwa oyankhira anali atatha. Apo m'pamene abambo anatuluka. Anagwada, anamubereka Rozita kumsana, magazi akudontha pa shati lawo loyera, ndipo tinapita kwathu kamvula kakutiwaza, amayi pambuyo atanyamula thumba lonyowa lija.

Madzulo ake apurofesora anafika kwathu, anakhala pamphasa, anamwa madzi m'kapu yathu, nawauza abambo kuti matenda amenewa ali ndi mankhwala kuchipatala cha ku vila, tauni ya m'boma lathu, ndipo ngati abambowo sapita naye Rozita, apurofesorawo apita naye okha. M'mawa mwake abambo anamanga mtsamiro pakaliyala ya njinga, n'kupita naye Rozita kuchipatalako. Anabwerako ndi timapiritsi toyera, ndipo kuyambira pamenepo ulendo umenewo unali wawo mwezi ndi mwezi, kukwera ndi kutsika mapiri, osadandaula. Kugwa kunachepa, ngakhale sikunatheretu. Chisanu chitatha, mapichesi atachita maluwa, abambo anamugwira Rozita padzanja Lamulungu lina n'kulowa naye m'kachisi, a Fulansisko anapatuka, ndipo mabanja ena anasuntha benchi. Ukulu wa mpingo uja anapatsidwa munthu wina. Ine, Lolemba lotsatira tsiku la matope lija, ndinalowa m'kalasi ndikufuna kuthokoza, ndinati “Zikomo, apurofesora,” ndipo anandiuza kuti nditambasule dzanja chifukwa ndayankhula Chichewa.

Anthu amafuna kuti nkhani zotere zizithera pa kukhululukirana. Yanga siinathere pamenepo. Palibe mmodzi mwa anthu aja amene anabwera kudzapepesa kwa amayi. Anangoyambanso kubwereka mchere ngati kuti sipanachitike kanthu. Abambo anamwalira osatchulapo za ndime ija, ndipo ngakhale ndikudziwa mapiri amene anakwera ndi njinga chifukwa cha Rozita, ndikamawakumbukira ndimawaonabe akundiyang'ana pakamwa pakuimba. Ndimakwiyabe ndikaona mpingo ukuyeza kuti woyenera kuyandikira kwa Mulungu ndani, chifukwa ndinaona ndi maso anga kuti anthu angathe kukutsekera chitseko akumwetulira, m'dzina la Amene sanawatume. Ndipo kwa zaka zambiri ndinali naye mlandu Mulungu yemweyo. Ndinamupempha moto, sanautumize. Ndinamupempha kuti amuchiritse mwanayo kamodzi n'kamodzi, sanatero. Anatumiza munthu amene ndinkadana naye kuposa onse, wosadziwa bwino n'chinenero chathu chomwe, ndipo sanandifunse ngati ndikugwirizana nazo.

Rozita tsopano ndi mayi wa ana ake, anakwatiwa ku Furancungo kumene amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Mapiritsi amamwabe. Ulendo wina nditapita kukamuona, titakhala kuseri kwa benchi yake tikusankha anyezi owola, ndinayamba kumuwerengera onse amene anatilakwira nyengo ija, mmodzimmodzi, mawu akukwera mpaka ogulitsa anzake kutembenuka. Anandimvetsera mpaka ndinatopa. Kenako anati, “Achemwali, zimenezo munaziona ndinu. Ine ndikamagwa sindiona kanthu, kumangoda. Chimene ndimadziwa n'chakuti nthawi zonse ndikamatsitsimuka, mutu wanga umakhala uli m'manja mwa munthu. Kumunda, panjira, pano pamsika, nthawi zina munthu wosamudziwa n'komwe. Sindinadzukepo ndili ndekha.” Ndinafuna kumutsutsa, ndinafufuza m'mutu mwanga tsiku limodzi lokha loti ndimukumbutse, pa zaka zonsezi zimene ndasunga mlandu uliwonse mosamala. Sindinalipeze.