Mayi Prosser Akonzekera Mlendo

Mayi Glenys Prosser akhala mumsewu wathu uno ku Morriston zaka makumi anayi, nyumba yawo ndi yathu khoma limodzi. Ankaphikira ana pasukulu mpaka anapuma pantchito. Ndi mayi woti akamva kuti dokotala akubwera, amayamba apukuta kaye mawindo, wodwalayo adikire. Ine ukhondo woterowo umanditopetsa, koma ndani angawauze?

Amuna awo, a Idwal, atadwala sitiroko, masitepe anawakanika. Bafa lili m'mwamba, chipinda chogona chilinso m'mwamba. Bedi analitsitsira pabalaza, ndipo bambo amene anawotcherera zitsulo moyo wake wonse anayamba kusambitsidwa pabeseni. Zinkawawawa mumtima, ndipo sankabisa. Mwana wawo Nerys anawapezera kanyumba kopanda masitepe ku Llanelli, pafupi ndi kwake. Chinatsala n'kugulitsa nyumba yawoyi.

Ogula anapezeka, banja latsopano. Koma munthu woyendera nyumba isanagulidwe atafika kuseri, anangoima chilili. M'mbali mwa khoma munali notiwidi, chomera chija cha mapesi onga nsungwi, chimene chinatsetsereka kuchokera kunjanji yakale. Sichiopa simenti, chimatulukira pamng'alu uliwonse. Banki ya ogulawo inati situlutsa ndalama mpaka katswiri athire mankhwala ndi kulemba chikalata. Ogula anati adikira mpaka Khirisimasi.

Katswiriyo, bambo Hopkin, anati abwera Lachinayi lomaliza la Seputembala. Lachitatu m'mawa ndinamva kuphwanyika kwa mapesi kuseri, ndinasuzumira pakhoma.

"Mukulimbana ndi chiyani, a Glenys?"

"Kukubwera mlendo mawa. Adzaone tchire limeneli? Adzati muno mukhala anthu kapena nkhosa?"

Inenso sindinkadziwa kanthu, moti ndinawabwereka chodulira changa, poti chawo chinali chobuntha. Pofika madzulo anali atadula zonse, atasesa, atamanga m'matumba asanu ndi atatu. Kuseriko kunayera mbee.

M'mawa mwake bambo Hopkin anafika ndi chopopera kumsana. Anayang'ana zitsazo nthawi yaitali, kenako anatula chopoperacho pansi.

"Mayi, masamba ali kuti?"

"Ndakuchotserani, bambo, kuti muone bwino pothira."

"Mankhwalawa amalowera m'masamba, n'kutsikira kumizu. Nanga pano ndipopera chiyani? Chisanu chayandikira, chaka chino chomerachi sichiphukanso mokwanira. Matumbawo asapite kuzinyalala, ndi mlandu umenewo, ndiwatenga ndine. Chikadzaphuka chisiyeni chikule, musachikhudze. Tionana chaka chamawa mwezi ngati uno."

A Idwal anamva zonse ali pabedi, chitseko chinali chotsegula.

"Ndinkanena ine, a Glenys, kuti tsache lanulo lidzatipweteketsa tsiku lina," anatero uku akuseka. "Mpatseni munthuyo tiyi, asapite chimanjamanja."

Mayiwo sanaseke. Tiyi anapereka, m'makapu a alendo.

Khirisimasi isanafike ogula anapeza nyumba kwina, ndipo kanyumba ka ku Llanelli kanapita ndi ena. A Idwal anamwalira mu Febuluwale, pabalaza pomwepo.

Nyengo yotentha itabwera, chomeracho chinakula mpaka kupitirira khoma, masamba kugwera kwathu. Mayi Prosser ankayanika zovala pambali pake osathyolapo ngakhale tsamba limodzi. Anthu odutsa m'kanjira ka kuseri ankachiona, ena n'kumanena. Ndinawamvera chisoni, ndipo za chodulira chija sitinakambepo mpaka lero.

Mu Seputembala bambo Hopkin anabwera, anapopera, masamba anauma. Chikalata chinafika papositi patapita masabata awiri. Lamlungu lotsatira Nerys anabwera ndi zithunzi, ine ndili komweko kukamwa tiyi.

"Amayi, kwapezeka kanyumba kena kopanda masitepe, kabwino kuposa kaja. Ndiwaimbire ogulitsa nyumba mawa?"

Mayi Prosser anayang'ana zithunzizo chimodzichimodzi, anazisanja bwino, anamubwezera.

"Usavutike, mwanangu. Ine masitepe ndimakwera."