Kaundula Amene Anthu Anakana Kusaina

Tayerekezani mmawa wamba wa Lachiwiri, dzuwa lisanayambe kuswa mtengo. Kuseri kwa sitolo ya zitsulo kuli kachipinda, pakhonde pali benchi, ndipo pabenchipo pakhala kale anthu asanu, aliyense atafumbata pepala lopindapinda. Akutulukira mayi wamfupi, kiyi m'manja, magalasi akulendewera pachifuwa. Asanatsegule n'komwe akufunsa kuti, "Alipo wasaina chinthu dzulo?"

Mmawa woterewu mayiwa amaulakalaka mpaka lero.

Anthu ankawatchula Mayi Werenganikaye. Sanali loya. Anali mlangizi wa zamalamulo m'kabungwe kothandiza osauka kwaulere, ndipo asanayambe ntchitoyi anatha zaka zambiri akutayipa makalata kukhoti. Kumeneko anaona akazi amasiye akuchotsedwa m'nyumba zawo chifukwa chodinda chala papepala limene mlamu anabweretsa misozi isanaume.

Choncho anali ndi kaphunzitsidwe kawokawo. Pamsonkhano uliwonse ankayamba ndi kuyendetsa pepala, amvekere, "Sainani apa tidziwane." Onse akasaina, ankavala magalasi n'kuwerenga mokweza: "Ife osaina m'munsimu tapereka nyumba zathu, mabedi ndi nkhuku zomwe kwa mayi ali patsogolowa." Anthu ankagwira pakamwa, kenako n'kufa nacho chiseko. Phunzirolo silinkaiwalika, ndipo mbiri yake inafika ngakhale kumene mayiwa anali asanapondeko.

Kabungweko kankayenda ndi thandizo lochokera ku bungwe lina lalikulu, ndipo thandizolo linkatha zaka zitatu zilizonse. Ulendo wachitatu opereka thandizowo anabweretsa lamulo latsopano: pafunika kaundula wa aliyense wophunzitsidwa, dzina ndi siginecha kapena chidindo cha chala. Popanda umboni umenewu, chitseko chitsekedwa.

Kaundula ankapita woyera, n'kubwerako woyera.

"Anthuni, pepala ili ndiye lenileni," ankachonderera mayiwa.

"Iii amayi, mwayambanso?" anaseka telala wina wamasiye. "Makina anga osokera mukuwafuna eti?"

"Bwerani ndikuwerengereni."

"Mlamu wanganso anandiwerengera, mokoma kuposa inu!"

Mkulu wa kabungweko, bambo wofatsa amene ankawatcha mayiwa kuti achemwali, anawaitanira pambali. "Achemwali, anthuwa amabweradi, sitikunama. Ingolembani maina, tikhwatche tokha. Adzadziwa ndani?"

"Ndisainire munthu, ine? Achimwene, mawa ndidzaima bwanji pamaso pawo?"

"Ndiye siyani kasewero kanu kaja."

Anayesa kusiya miyezi iwiri, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Pepala lililonse lochokera m'manja mwawo anthu ankaliyang'ana ngati njoka.

Opereka thandizo anatumiza mtsikana waulemu kuti adzaone. Anakhala kumbuyo kwa holo yodzaza, anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo potsanzika anawagwira dzanja nthawi yaitali. "Amayi, ine ndaona. Ndikalemba zonse. Koma ogamulawo saona ndi maso anga, amaona mapepala."

Kalata inabwera patapita miyezi inayi. Inali yaifupi, yothokoza kwambiri, koma yonena kuti thandizo latha. Mayiwa anaiwerenga kawiri monga ankaphunzitsira ena, kenako anayamba kulongedza mafayilo m'makatoni.

Tsopano kachipinda kaja ndi kometera tsitsi. Mayi Werenganikaye amalera adzukulu awiri, ndipo akamawaperekeza kusukulu amasankha njira yotalika yodutsa pamenepo. Amachepetsa liwiro, adzukuluwo n'kumawakoka nsalu kuti, "Agogo, belu lilira!" Chimene amasowa si malipiro kwenikweni. Amasowa nkhope ya munthu amene wabwera atawerama, n'kumadzuka pang'onopang'ono akamva kuti lamulo lili kumbali yake.

Nyuzipepala ikalengeza kuti mabungwe apemphe thandizo, amadula chilengezocho ndi lumo n'kupita nacho kwa mkulu uja, amene pano amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Amakhala pansi awiriwo kudzaza fomu. "Mwina chaka chino, achemwali," amatero bamboyo. Apempha kanayi, ndipo sanayankhidwebe.

Pa zaka zisanu ndi zinayi zimene kachipindako kanali kotsegula, mayiwa anakonza mapepala a milandu imene inabwezera akazi amasiye makumi atatu ndi awiri m'nyumba zawo.