Kachigayo ka a Lefina

A Lefina anafika ku Chamama pa lole ya matenanti kuchokera ku Phalombe, mwana wawo Thoko ali kumsana, amuna awo a Yobu atafungatira thumba lolemera. M'thumbamo munali kachigayo kachitsulo kopukusa pamanja, kamene a Lefina anasiyiridwa ndi malemu mayi awo.

Fodya ankalima onse awiri, koma chimene anthu a pa esitetiyo amawakumbukira nacho a Lefina ndi masese. Zigafa zikadzaza, fodya akuuma pa mikangala, iwo ankanyika mawere, n'kuwafundika ndi masamba a nthochi mpaka amere, kenako n'kuyanika pa mphasa. Kupera chimeracho inali ntchito ya a Yobu. Ankamangirira kachigayoko pa benchi pansi pa mtengo wa mango, n'kuyamba kupotokola bawuti yam'mbali, imene imayandikizitsa mbale ziwiri zoperera. Mkangano unkayambira pomwepo.

"Mwamangitsa, abambo a Thoko. Ufa wosalala chonchi mowa wake susefeka, ukhala phala."

"Ndiye ndimasule kuti mawere azituluka athunthu? Mawa mudzati ndakuphikitsani madzi."

A Lefina ankatapa pang'ono, n'kufikisa ndi zala, n'kupukusa mutu. A Yobu ankabweza bawutiyo pang'ono pokha, uku akung'ung'udza. Akagwirizana, phokoso la kachigayoko linkamveka mpaka kumizere ya nyumba za matenanti, ndipo aliyense ankadziwa kuti Loweruka kuli kocheza. Ankabwera a ku Thyolo, a ku Dedza, ndi Atumbuka a kumpoto, aliyense ndi nyimbo za kwawo, manja akadali akuda ndi utomoni wa fodya.

Chaka china mvula inapitirira, chimera sichinaume bwino, ndipo chinamatirira m'mano a mbalezo ngati dongo. A Yobu anaphwasula kachigayo konse n'kukhala masana onse akutokosa ndi sipoko ya njinga. Kuyambira pamenepo a Lefina asanapereke chimera ankayamba aluma kambewu kamodzi. Kakapanda kulira m'kamwa, chonse chinkabwerera padzuwa.

Thoko anakula n'kukwatiwa pa Chamama pomwepo. Kenako a Yobu anadwala, dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, ndipo a Lefina anasiya kufulula. Patangopita nyengo yochepa, mwini esiteti analengeza kuti fodya wamusiya, azilima soya ndi aganyu. Matenanti anayamba kumanga katundu.

"Anthuwa asachoke kukamwa kuli gwa," anatero a Lefina m'mawa wina.

Anatulutsa kachigayo kuseri kwa chitseko, n'kukapukuta dzimbiri ndi mchenga. Atapukusa, mawere ankangodutsa osasweka. Anamanga bawuti mpaka kumapeto, koma chogwirira chinkangozungulira mopepuka. Anakhala pansi, misozi ili m'maso.

A Yobu anali pa mpando pakhonde, akuyang'ana. Mawu awo anali atalemera chidwalireni, koma ankamveka.

"Amake Thoko, bwera nako kuno. Chotsa mbale yakunjayo ndione."

Anayendetsa chala chakumanzere pa mbaleyo. Mano ake anali atafufutika, ndipo kachitsulo kozungulira kamene kamakankha mbale kumbuyo kanali katadyeka mpaka kupyapyala ngati tsamba. Anatuma a Lefina kwa a Jeremiya, okonza njinga pa msika, kuti akabwereke tupa ndi kupempha wochala yakale yoti ilowe m'malo mwa kachitsulo kodyekako.

Ntchitoyo inawatengera tsiku lonse. A Yobu ankatsendereza mbale ndi dzanja lamoyolo, a Lefina n'kumanola mano limodzilimodzi, amuna awo akuwauza pomwe apendeketse tupa. Atabwezera zonse m'malo, anathira chimera chodzaza dzanja. Chogwirira chinalemera, ndipo phokoso lija linabwerera.

"Manga pang'ono," anatero a Yobu.

"Ayi, pomwepa pali bwino."

"Manga, ndikuuza ine!"

A Lefina anaseka mpaka kusiya chogwirira. Chidwalireni, aka kanali koyamba kuwamva amuna awo akukalipa.

Mowa unapsa Loweruka, ndipo anabwera ngakhale amene katundu wawo anali atamanga kale m'matumba. Anaimba mpaka dzuwa kupendeka. Mai Chisangalalo a ku Thyolo, amene ankakhala nyumba yoyandikana nawo zaka zonsezo, analira chikho chili m'manja. Sabata yotsatira malole anabwera.

A Lefina ndi a Yobu sanabwerere ku Phalombe, chifukwa munda wawo kumeneko abale anagawana kalekale. Amakhala kwa Thoko, m'kanyumba ka kuseri, ndipo a Lefina amathandiza mkamwini wawo kupalira mtedza. Nthawi zina Mai Chisangalalo amaimba pa foni ya Thoko. Amafunsana za mvula, za miyendo ya a Yobu, ndi za anzawo a pa esiteti, amene ali moyo ndi amene anatsogola.