Milungu Yoliza Mkonono

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene kusukulu anayamba kuwaphunzitsa za milungu ya Agiriki. Ine ndinkasamalira okalamba kunyumba ina ku Partick, kuno kutsidya la nyanja, koma mtima wonse unali ku Zomba, kumene amayi anga anali atagonekedwa m'chipatala. Mchimwene wanga ndiye ankawadwazika, ndipo ndinali nditamulonjeza kuti ndikangopatsidwa tchuthi ndinyamuka.

Tsiku limenelo foni yanga inathera moto kuntchito. Ndinafika kunyumba ku Govanhill cha m'ma folo koloko, nditanyowa ngati nkhuku, n'kupeza mwana atayala mabuku patebulo. Mwanayu Chichewa amamva, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi cha kuno, chija chomeza mawu. Ndisanavule n'komwe jekete anandiuza kuti milungu ya Agiriki imagona.

Ndinaima pakhomo pomwepo. Kugona? Iye anati inde, imadya, imamwa, imakwatirana, kenako iliyonse imapita kukagona kunyumba kwake. Ngakhale mkulu wa yonseyo, mwini mphezi, mkazi wake anamunyengerera mpaka tulo tinamutenga, anthu pansi pano akuphana pankhondo.

Ine ndinakulira m'kwaya ya Chipresibateriya, ndipo masiku amenewo ndinkapemphera ndi m'basi momwe. Ndiye wina andiuze za mulungu woti ukamuitana akuti bwerani mawa, bwana apumula? Ndinamufunsa ngati aphunzitsi akewo amalandira malipiro chifukwa cha zimenezi. Ndinati mulungu woliza mkonono ngakhale ntchito ya ulonda ku Limbe sangaipeze. Mwana anaseka mpaka misozi, ine ndikulalikira ndithu, nsapato zonyowa zili kuphazi. Anandifotokozera moleza mtima kuti milunguyo siimwalira, imangogona, ndipo imadzuka. Ndinati zimenezo akauze anzake.

Tinalimbana choncho mwina theka la ola. Ndikuthira madzi m'ketulo, iye anati, “Aliyense amagona, Mum. Even agogo. Uncle anaimba pa foni yanga, akuti yanu siikupezeka.”

“Anaimba nthawi yanji?”

“Nditangoweruka.”

Ndinayang'ana wotchi. Mchimwene wanga si munthu woimbira mwana foni kuti anene za tulo ta munthu. Ndinatseka mpopi. Ndinamuuza kuti abwereze zimene amalume ake ananena, osati m'Chingerezi, koma mmene anazinenera.

Anakhala tsonga, n'kumatchula liwu limodzilimodzi mosamala ngati ali pa mayeso: “Uwauze amayi ako kuti agogo agona. Agona masana ano. Tikudikira mawu awo.”

Ndinakhala pansi pakhitchini pomwepo. Mantha amene ndinali nawo mwezi wonse anali atafika, ndipo anadzera pakamwa pa mwana wanga. Kwathu munthu wamkulu sauza mwana kuti wakuti wamwalira. Ine sindinamuphunzitsepo zimenezo. Ndinkaona ngati nthawi ilipo.

Iye anali akumwetulirabe, kudikira kuti ndimuyamikire. Kanali koyamba kundifikitsira uthenga wonse wa Chichewa osaphonya liwu ndi limodzi lomwe.

“Ndanena bwino, eti Mum?”

Ndinati wanena bwino, mwanawe.