Wilo ya Bambo M'belo la Fodya

Ndikukumbukira chaka chimene azakhali analandidwa katundu yense ndi abale a malemu amuna awo, mpaka malata a padenga. Bambo zinawakhudza kwambiri. Anapalasa njinga kuchoka kwathu kwa Wimbe mpaka ku boma la Kasungu, nakalembetsa wilo, kalata yonena za kagawidwe ka chuma chawo akadzamwalira, pamaso pa mboni. Koma atabwerako anakanitsitsa kuulula pomwe anaibisa.

"Bambo a Limbani, nanga mukatisiya tidzaipeza bwanji?" anafunsa mayi.

"Pepala limeneli likangoonekera, ena ayamba kundiwerengera masiku," anayankha bambo.

Anaikulunga m'jumbo ya shuga n'kuilowetsa pakati pa mulu wa fodya wosankhasankha m'chigafa, osauza munthu. Kenaka malungo anawagwetsa nthawi yodinda mabelo itakwana. Ine ndi mayi tinabwereka jeke, n'kudinda fodya yense, fungo lake likutiyetsemulitsa tsiku lonse. Lole inabwera, mabelo n'kupita ku okushoni.

Bambo atadzuka analowa m'chigafa, ndipo tinangomva kukuwa ngati aponda njoka. Anatuluka atagwira kumutu.

"Mwagulitsa wilo yanga!"

Siinagulitsidwe. Ogula fodya safuna kuona pulasitiki m'belo ngakhale kachidutswa, choncho belo lathu labwino koposa linabwezedwa. Analibweretsa dalaivala wa lole uja, jumbo ili m'manja, akumwetulira mpaka m'makutu. Zinaoneka kuti pepalalo linawerengedwa ndi aliyense panjira.

"Zikomo, akuluakulu," anatero dalaivalayo anthu akumva. "Koma ngolo ija mwapatsadi mwana wamkazi? Ndipo achimwene anu mwangowasiyira wailesi?"

Pofika Lamulungu, mpingo wonse unkadziwa. Achimwene a bambo anabwera ndi nkhope yakugwa, n'kunena kuti popeza wailesiyo ndi yawo kale, bwanji angoitengeratu. Mayi anaseka mpaka kukhala pansi, ngakhale chaka chimenecho feteleza tinagula wochepa chifukwa cha belo lija.

Bambo anakalembetsa wilo ina, popeza yoyambayo inali itathimbirira ndi chinyezi. Imeneyi anakaisungitsa kwa loya ku boma, n'kuuza mayi ndi abusa komwe ili. Bambo atamwalira patapita zaka zambiri, mayi anangokwera minibasi kukaitenga, ndipo palibe anakhudza ngakhale khasu lathu.

Lero ndikumvetsa kuti bambo ankaopa maso a anthu, n'kuiwala kuti pepala limeneli limalembedwa kuti lidzapezeke mwini wake atasiya kuyankhula. Wilo yanga ili pouma, mokhoma, ndipo akazi anga akudziwa komwe kuli kiyi.