Ndalama ya Amayi mu Ng'anjo ya Achimwene

Achimwene anga a Pundalik asula siliva m'tauni ya Margao zaka makumi anayi, ndipo palibe amene anawanamizirapo kuti aba. Vuto lawo ndi mtima wapachala. Ali mnyamata, Apwitikizi asanachoke ku Goa kuno, msilikali anawaphwanya dzanja ndi chidendene cha mfuti chifukwa choimba nyimbo ya ufulu pamsika. Zala ziwiri zinauma mpaka lero.

Chiyambire pamenepo anadana nazo ndalama zasiliva zija Apwitikizi anasula pokumbukira zaka mazana anayi chifikireni zombo zawo kuno ku India. Munthu akabwera nayo kusitolo, ankaigula n'kuiponya mu ng'anjo mwini wake akuona. Ankati anthu anatipeza tikudya mpunga wathu, ndiye n'kumadzitama kuti anatitulukira? Pamenepo ndinkawavomereza.

Koma amayi anali ndi ndalama yawo, imene apongozi awo anawapatsa tsiku la ukwati. Inkakhala m'kansalu kofiira, ndipo pa Diwali, chikondwerero chathu cha nyale, ankaipaka ufa wofiira ndi kuiyatsira nyale ngati Lakshmi, mulungu wamkazi wa pakhomo. Sinkatsukidwa. Ufa wa zaka zonsezo unaikuta, moti palibe ankadziwa zolembedwa mkati. Maso a amayi atafa, ankaizindikira ndi zala.

Chaka china, pokonzekera Diwali, Shevanti, mkazi watsopano wa mwana wa achimwene, pofuna kukondweretsa banja anaikwecha ndi bwemba ndi phulusa. Sindimuda, palibe anamuuza. Inawala mbee, ndipo panatulukira mtanda wa Apwitikizi, kuseri nkhope za mfumu yawo ndi mkazi wake.

Achimwene anaitola kuti apite nayo ku ng'anjo. Ndinawagwira mkono, kuwachonderera kuti adikire nkhalamba itsikire kaye kuli chete, popeza siiona. Anandikankha.

“Zaka zonsezi takhala tikugwadira anthu amene anandiphwanya dzanja?”

“Amayi sagwadira Mpwitikizi, achimwene. Amagwadira chimene anapatsidwa.”

Aaa, kuyankhula ndi mwala. Masana omwewo anaisungunula, n'kusula ina yolemera mofanana, ya chithunzi cha Lakshmi weniweni, yokongola ndithu. Anaipaka ufa, n'kuikulunga m'kansalu kaja, ati amayi sadziwa. Munthu wamkulu, wa imvi, kupusitsa mayi wake wosaona!

Madzulo a Diwali tonse tinakhala pamphasa, nyale zili m'manja. Amayi anamasula kansalu, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa ndalamayo, kufunafuna kachibowo kamene apongozi awo anakasiya ndi dzino. Anayendetsa kawiri. Kenako anaiika pansi, n'kutembenukira kumene kunali kupuma kwa achimwene.

“Pundalik, ntchito yako ndi yabwino, mwanawe. Tenga ukagulitse.”

Amayi anakhala ndi moyo zaka zina zitatu. Diwali iliyonse achimwene ankawabweretsera nyale ndi manja awiri, koma amayi ankapinda manja awo m'nsalu, osailandira.